Mumalandira zingati? Kakambidwe ka nkhani za malipiro pantchito ku Msoro

Mwezi ukamapita kumapeto, funso limene limamveka kwambiri pasukulu, pachipatala ndi m'magolosale a ku Msoro ndi lalifupi: "Zalowa?" Wofunsidwa amasuzumira pafoni n'kuyankha kuti zalowa, kapena kuti tidikirebe. Palibe amene amakwiya nalo funso limeneli. Koma wina angoyerekeza kuwonjezera kuti "Zalowa zingati?", macheza amazizira pomwepo. Wina amangoseka, wina amati "zochepa, zongogulira mchere," wina amatuluka panja ngati waitanidwa.

Anthu amenewa amagwira ntchito limodzi chaka chathunthu, amadyera mbale imodzi masana, amaperekezana kumaliro, koma sadziwana malipiro. Ambiri amati umenewo ndiwo ulemu, ndipo mbali ina akunena zoona. Koma kukhala chete komweko n'kumene kumachititsa kuti mlonda agwire ntchito zaka akulandira zoperewera pa zimene lamulo linaika, kapena mphunzitsi akhale kumudzi osalandira alawansi imene mnzake wa kalasi yoyandikana akulandira. Chofunika ndi kudziwa kuti pa ndalama za munthu, ndi ziti zimene tiyenera kuuzana, ndipo ndi ziti zimene tiyenera kumusiyira mwini wake.

## Chifukwa chake pakamwa pamalemera

Ku Lusaka munthu akaweruka amakwera basi kupita ku komboni ina, ndipo anzake a kuntchito sadziwa ndi pakhomo pake pomwe. Ku Msoro sizili choncho. Amene mumagwira naye ntchito ndi mlamu wanu, kapena mumaimba naye kwaya ku St Luke's, kapena munda wake unachita malire ndi wanu. Mawu amene mwalankhula m'mawa m'chipinda cha aphunzitsi, dzuwa likamapendeka amakhala atafika kumjigo.

Komanso olandira pamwezi kuno ndi owerengeka. Mabanja ambiri m'dziko la Mfumu Msoro amagwira ndalama yooneka kamodzi pachaka, akagulitsa thonje, mpendadzuwa kapena chimanga. Njovu zikalowa m'munda, kapena Lupande akasefukira, ngakhale imeneyo sioneka. Choncho munthu wa salale amadaliridwa ndi mtundu wonse. Mwa Akunda, monganso mwa Achewa, mwana wa mlongo wako amayang'ana kwa iwe malume wake. Yunifomu, nsapato, thiransipoti yopita ndi wodwala ku St Francis ku Katete kapena ku Kamoto, zonsezo zimagogoda pakhomo pako. Chiwerengero cha malipiro chikangomveka, aliyense amayamba kuchigawa m'mutu mwake, osadziwa kuti ngongole zinadya kale theka. Palinso mantha ena amene sitiwatchula mokweza, mantha a nsanje ndi zimene anthu amakhulupirira kuti wansanje angachite. Kaya inu mumakhulupirira zimenezo kaya ayi, mnzanu amene akuziopa sakunamizira.

Zifukwa zimenezi n'zomveka ndipo sindikuzipeputsa. Koma zonse zikunena za kumudzi, za abale ndi oyandikana nawo nyumba. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene chikuti munthu amene mukusenza naye ntchito imodzi asadziwe mtengo wa ntchitoyo.

## Mtengo wa ntchito ndi wa tonse, za m'thumba ndi za mwini

Mlimi wa thonje sabisa mtengo. Ogula akaika sikelo, mudzi wonse umadziwa kuti kampani iyi ikupereka zakuti pa kilo, inayo zakuti. Amene angagulitse osafunsa anzake, aliyense amamumvera chisoni. Koma mlimi yemweyo sanena kuti atamudula ngongole ya mbewu ndi mankhwala anatsala ndi zingati, ndipo munthu woleredwa bwino samufunsa.

Malipiro nawonso ali ndi mbali ziwiri zomwezo. Mbali yoyamba ndi mtengo wa ntchito: basic ya udindo umenewo, maalawansi ake, ovataimu, ndalama yogwirira tsiku la tchuthi, gratuity ya kumapeto kwa kontirakiti. Zimenezi si chinsinsi cha munthu mmodzi. Zinalipo iye asanalembedwe ndipo zidzakhalapo akadzachoka. Aliyense wogwira ntchito yofanana ali ndi chifukwa chomveka chozidziwira.

Mbali yachiwiri ndi imene imatsala: ngongole ya kubanki, ya kukampani zobwereketsa, ndalama imene khoti linalamula kuti azipereka kwa ana, advansi imene anatenga mayi ake atagonekedwa m'chipatala. Apa pali mbiri ya banja lake, manyazi ake ndi misozi yake. Munthu akafunsa kuti "mumatenga zingati pamanja?" amakhala wafunsa zonsezi ngakhale sanafune. N'chifukwa chake funso la "zalowa zingati" limapweteka, pamene la "kodi alawansi yakuti imabwera zingati pa giredi yathu" silipweteka.

## A m'boma: chinsinsi chimene si chinsinsi

Kwa aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi ena a m'boma, mbali yoyamba ija ili poyera kale. Masikelo amakambidwa ndi mayuniyoni monga ZNUT, BETUZ ndi SESTUZ, ndipo akagwirizana ndi boma, chikalata chimazungulira m'mafoni tsiku lomwelo. Wodziwa sikelo yanu akudziwa basic yanu. Kubisirana pamenepa n'kungodzivutitsa.

Pamene pamasiyana ndi pa maalawansi, ndipo apa ndi pamene kufunsana kumapulumutsa ndalama zenizeni. Wogwira ntchito kumudzi amayenera kulandira rural hardship, imene ndi 20 peresenti ya basic, kapena remote hardship ya 25 peresenti ngati malowo anaikidwa m'gulu la akutali kwambiri. Koma alawansi imeneyi imatsata pamene dzina lanu lili pa payroll ya PMEC, osati pamene mapazi anu aponda. Mphunzitsi amene anasamutsidwa kuchoka m'tauni ya Chipata kubwera kusukulu ya m'chigwa, ngati dzina lake likadali pa sukulu yakale, akhoza kuphunzitsa kuno miyezi yambiri osailandira. Wina anapita kukawonjezera maphunziro n'kubwera ndi digiri, koma akulandirabe pa sikelo ya dipuloma. Wina akugwirizira udindo wa mnzake, kalata yake sinatuluke. Wina akudulidwa ndalama ya yuniyoni imene sakumbukira kuti analowa. Ambiri mwa amenewa amazindikira tsiku limene mnzawo wawaonetsa pesilipi yake.

Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 ndi ogwira ntchito zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo ambiri anatumizidwa kumadera akumidzi ngati athu ano. Ena mwa iwo anali achinyamata amene sanaonepo pesilipi chibadwire. Mwana wotere akafika pasukulu, wamkulu amene wagwira zaka zambiri sayenera kudikira kuti afunsidwe. Amuitane pambali, amuonetse mzere ndi mzere: iyi ndi ya nyumba, iyi ndi ya msonkho, iyi ndi ya penshoni, iyi ikasowa ukalembe kalata kudzera kwa ahedi kupita ku ofesi ya maphunziro ya a DEBS. Kumeneko ndiko kulandira mlendo.

## Kumaloji, kumakampu ndi kuthengo

Kumene chinsinsi chimapweteka kwambiri ndi kwa olemba ntchito amene si boma. Anyamata ndi atsikana ambiri a kuno amapita ku Mfuwe kukagwira m'maloji ozungulira South Luangwa, ena m'makampu a osaka nyama m'dera la Lupande, ena m'mabungwe, m'masitolo ndi m'zigayo. Kumeneko munthu amapangana ndi bwana ali yekha. Wofuna ntchito amene wakhala pakhomo nyengo yonse ya dzinja savuta: chimene wauzidwa amavomera. Makampu ambiri a kuthengo amatsegula chilimwe chokha n'kutseka mvula ikayamba, ndiye aliyense amaopa kuti akafunsa zambiri, chaka chamawa sadzaitanidwa. Zotsatira zake, anthu awiri ochapa m'chipinda chimodzi akhoza kumalandira mosiyana popanda chifukwa china kupatula chakuti wina analimba mtima tsiku lolembedwa.

Nkhani ina ndi ya ndalama zochokera kwa alendo. Lamulo la zokopa alendo la 2015 limalamula kuti mahotela, maloji ndi malo odyera aziwonjezera service charge pa bilu ya mlendo, imene ndi 10 peresenti, ndipo ndalamayo igawidwe mofanana kwa antchito onse kupatula mamanejala. Imeneyi si mphatso ya bwana. Wantchito aliyense, kuyambira wophika mpaka wosesa panja, akhoza kufunsa kuti mwezi uno yasonkhanitsidwa ingati ndipo yagawidwa kwa anthu angati, ndipo kufunsa koteroko si mwano. Palinso bokosi la matipu limene alendo amaponyamo pochoka. Malo amene amayendetsa bwino zinthu amalitsegula pamaso pa nthumwi za antchito, n'kulemba chiwerengero poti aliyense aone. Pamene bokosi limatsegulidwa mu ofesi chitseko chili chotseka, ngakhale palibe amene waba, mitima siikhala pansi.

Tipu imene gaidi wapatsidwa m'manja ndi nkhani ina. Imeneyo ndi yake, ndipo kumufunsa kuti "azungu aja akusiyirani zingati" sikoyenera. Koma gaidi naye akumbukire kuti amene anadzuka usiku kukonza galimoto, ndi amene anaphika buledi wa m'mawa, alendo sanawaone. Kuwerenga madola pamaso pawo n'kuwalasa mtima.

Kuthengo kuli kusiyana kwina kumene aliyense amakudziwa. Masikauti a m'mudzi olembedwa ndi bungwe la m'mudzi loona zachilengedwe la CRB amayenda ulendo umodzi ndi asilikali a zanyama a DNPW, amene ambiri timawatchabe a ZAWA ngakhale dzinalo linatha mu 2016. Amagona pamalo amodzi, njati ikatulukira imatulukira onse, koma malipiro awo ndi osiyana chifukwa owalemba ndi osiyana: wina amalandira ku boma, wina amadikira gawo la ndalama za usaki limene limabwerera kumudzi. Apa palibe chobisa, ndipo mkwiyo suyenera kugwera mnzako wa m'tenti. Koma wolandira zambiriyo asamadandaule za kuchepa kwa salale yake pamaso pa amene sanafole miyezi iwiri. Chimodzimodzinso namwino pamaso pa mayi wa SMAG amene amayenda wapansi kulondola amayi oyembekezera mongodzipereka, kapena mphunzitsi wa boma pamaso pa mnzake wolipidwa ndi makolo pa sukulu ya m'mudzi.

## Manambala amene aliyense ayenera kuwadziwa

Lamulo lalikulu la ntchito m'Zambia ndi Employment Code Act ya 2019. Limanena zinthu zingapo zimene zimapatsa munthu poyambira. Wolemba ntchito ayenera kufotokozera wantchito malipiro ake ndi kalipiridwe kake asanayambe ntchito. Ayenera kulipira mofanana anthu ogwira ntchito yolemera mofanana, osayang'ana kuti uyu ndi mkazi, uyu ndi wa mtundu wakuti. Wa kontirakiti yopitirira miyezi 12, ikatha, ayenera kulandira gratuity yosachepera 25 peresenti ya basic imene analandira pa nthawi yonseyo. Nanga munthu angadziwe bwanji kuti akulipidwa mofanana ndi anzake ngati onse atseka pakamwa? Lamulo la malipiro ofanana limagwira ntchito pokhapokha antchito akamalankhulana.

Kuyambira pa 1 January 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wamba, monga wosesa, mlonda kapena wothandiza m'sitolo, anakwera kufika pa K2,313.10 pamwezi. Ndalamayi inapangidwa motere: basic K1,487, ya nyumba K446.10, ya thiransipoti K200, ya nkhomaliro K180. Wantchito wa pakhomo anaikidwa pa K1,300. Kumene kuli mgwirizano wa yuniyoni, mgwirizanowo ndiwo umatsatidwa, ndipo manambalawa boma limawasintha pakapita nthawi, choncho ndi bwino kufunsa ku ofesi ya Labour kuti panopa ali pati. Pa malipiro amadula 5 peresenti ya penshoni ya NAPSA, bwana n'kuikapo ina 5 peresenti, ndi 1 peresenti ya basic yopita ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA. Msonkho wa PAYE, malinga ndi malire a 2024, unkayamba munthu akapitirira K5,100 pamwezi. Ndiye mlonda wa K2,313.10 akauzidwa kuti "tadula msonkho", ali ndi chifukwa chofunsira kuti msonkho wake uti.

Za NAPSA zinaphunzitsa anthu ambiri mu 2023, pamene lamulo linalola mamembala oyenerera kutapako 20 peresenti ya zimene anasonkha. Ena atapita kukaona anapeza miyezi yopanda kanthu, chonsecho pa malipiro ankadulidwa. Funso loti "mwatapako zingati?" ndi la m'thumba, lisiyeni. Koma loti "kodi kwa inu miyezi yonse ikuoneka?" lifunseni chaka chilichonse.

## Kafunsidwe kake

Yambani ndi zanu. Munthu amene akufuna kumva za mnzake koma zake wazipsinja amaoneka ngati kazitape. Nenani chifukwa chimene mukufunsira, ndipo funsani za udindo, osati za munthuyo.

"Aphunzitsi, pepani ndikusokonezeni pang'ono. Pa pesilipi yanga rural hardship sikuoneka chibwerereni. Kwa inu imabwera?"

"Akulu, ine anandilemba pa K1,800 zonse pamodzi. Sindikudziwa ngati ndi pamene amayambira aliyense. Mmene munkayamba inu zinali bwanji?"

Wofunsidwa chonchi ali ndi njira zambiri zoyankhira popanda kuvula. Akhoza kutchula nambala. Akhoza kungoti, "Imeneyo yachepa, mwana wanga, woyamba sayambira pamenepo." Akhoza kutsegula pesilipi pafoni n'kuphimba ndi chala mbali ya zodulidwa, kuti muone maalawansi okha. Akaphimba choncho, maso anu akhale pamene wakulozerani. Ndipo akhoza kukana. Akati "pepani, zimenezo sindimakonda kukamba," yankho lake ndi "zikomo, ndamva," basi. Osamuumiriza, osamunena kwa ena kuti ndi wodzikonda. Simukudziwa chimene chinamuchitikira pamene anaulula komaliza.

Malo ndi nthawi nazo n'zofunika. Funsani muli awiri, poyenda kuchokera kuntchito kapena mutakhala pamthunzi nthawi yopuma. Pamowa ayi, chifukwa mawu a pamowa sakhala ndi mwini. Pamaliro ayi. Pamaso pa ana a sukulu, odwala kapena alendo ayi. Pamaso pa mkazi kapena mwamuna wa mnzanuyo, ayi ndithu: mabanja ena amauzana zonse, ena sauzana, ndipo si inu woyenera kuulula. Pa gulu la WhatsApp la kuntchito mukhoza kuikapo chikalata cha masikelo atsopano, koma pesilipi ya munthu, ngakhale yanu yomwe, musaikepo. Pamakhala nambala yanu ya ntchito ndi zina zimene akuba a pafoni amazifuna, ndipo chithunzi chikatuluka simungachibwezenso.

Kwa wamkulu msinkhu kapena udindo, funso lipite ngati kupempha nzeru. Wamkulu kwa wamng'ono asamale kwambiri, chifukwa wamng'ono amaopa kukana. Ndi bwino kunena kuti, "Ngati pali chimene sichikuoneka bwino pa malipiro ako, ubwere tidzaone limodzi," n'kumusiya asankhe yekha.

Lamulo limodzi limaposa onsewa: chimene mnzanu wakuuzani kuntchito chisafike kumudzi. Mukachitengera kunyumba, mawa chili kwa apongozi ake, mkuja pakhomo pake pali mzere wa opempha. Munthu mmodzi akachitiridwa zimenezi, malo onse a ntchito amatseka pakamwa kwa zaka.

## Mukapeza kuti mnzanu amakuposani

Apa ndi pamene maubwenzi ambiri amathera, ndipo n'chifukwa chake ena amati bola osadziwa. Mtima umawawa, zimenezo n'zachibadwa. Koma mnzanuyo sanadzilembe yekha malipiro, ndipo pokuuzani zoona wakuchitirani zabwino zimene ena sakanachita. Musanakwiye funsani chifukwa chake. Mwina ali ndi zaka zambiri pantchito, mwina ali ndi pepala limene inu mulibe, monga laisensi ya ugaidi woyenda wapansi ndi alendo, mwina amagwira usiku. Ngati chifukwa chilipo, mwadziwa njira yokwerera. Ngati palibe, nkhani yanu ili ndi bwana.

Popita kwa bwana, dzina la mnzanu lisiyeni panja pokhapokha iye atavomera. Mawu akuti "uje wandiuza kuti amalandira zakuti" akhoza kumuchotsetsa ntchito munthu amene anakuthandizani. Nenani za ntchito yanu: zimene mumachita, zaka zimene mwagwira, ndi kuti mukupempha kuikidwa pa mtengo wa udindo umenewo. Ndipo musapemphe kuti wina atsitsidwe kuti mufanane.

Amene wapezeka kuti ali pamwamba, naye asachite manyazi kapena kunama kuti "n'zochepa" pamene si zochepa. Bodza lotere limamusiya mnzake mumdima momwe anali.

## Amene anafunsa ife tisanabadwe

Kuyerekeza malipiro si khalidwe lobwera ndi mafoni. Mu 1940 anthu akuda a m'migodi ya Nkana ndi Mufulira ananyanyala ntchito ataona kuti azungu anyanyala n'kuwonjezeredwa, pamene iwo ankalandira kachigawo kakang'ono ka malipiro a mzungu. Ku Nkana asilikali anawombera, anthu 17 anafa. Mu 1949 anakhazikitsa yuniyoni yawo motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo mu 1966, dziko litalandira kale ufulu, komiti yofufuza ya Brown inalimbikitsa kuti awonjezeredwe 22 peresenti. Zonsezi zinayamba ndi anthu amene anadziwa zimene wina akulandira pa ntchito ya mumgodi womwewo.

Ku America, Lilly Ledbetter anagwira ntchito zaka pafupifupi 19 pa fakitale ya matayala ya Goodyear ku Alabama osadziwa kuti amuna a udindo wake ankamuposa. Anadziwa chifukwa wina anamusiyira kapepala kopanda dzina. Khoti lalikulu linamukanira mlandu mu 2007 ponena kuti anachedwa kudandaula, koma mu 2009 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake. Nkhani ya mayiyu imandikhudza chifukwa kunonso amene amaluza kwambiri pa kukhala chete ndi amayi, amene tinawalera kuti kufunsa za ndalama n'kusowa khalidwe. Abale athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town adziwenso kuti lamulo la ntchito la South Africa la 1997, pa gawo 78, limanena mosabisa kuti wantchito ali ndi ufulu wokambirana ndi anzake za mmene analembedwera.

## Ngongole, chilimba ndi pepala la maliro

Ndalama zimene zimadanitsa anthu pantchito nthawi zambiri si za salale, ndi zimene timapatsana tokha.

Kubwerekana kulipo ndipo sikudzatha, chifukwa banki ili kutali ndipo matenda sadikira kumapeto kwa mwezi. Wobwereka atchule tsiku lobweza iye mwini, ndipo likafika alibe, apite yekha kukanena, asadikire kuti amufunefune. Wobwereketsa asakumbutse pagulu. Kutumizirana pa Airtel Money kapena MTN kuli ndi ubwino woti uthenga umatsala, ndiye sipakhala kukangana kuti zinali zingati. Koma wamkulu pa udindo asabwereke kwa amene amamuyang'anira. Wamng'onoyo sangakane, sangalonjerere, ndipo tsiku limene adzapatsidwe tchuthi kapena kukanizidwa, anthu adzati ndi ngongole ija.

Kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja, pakati pa anthu a ntchito imodzi ndi woipa kwambiri. Chiwongoladzanja chake nthawi zina chimafika theka la ndalamayo pamwezi umodzi, ndipo ena amafika posunga khadi la kubanki la mnzawo. Boma limafuna kuti wantchito wake azitsala ndi 40 peresenti ya basic akadulidwa ngongole, koma kaloba saoneka pa pesilipi, ndiye amadya ndi yotsalayo. Mukaona mnzanu akumira, amene kale ankabwera ndi chakudya tsopano akungoti "ndadya kale", musamufunse kuti ali ndi ngongole zingati. Muitaneni adye nanu. Akafuna kulankhula adzalankhula, ndipo pamenepo mukhoza kukhala naye pansi n'kuwerengera limodzi.

Chilimba, chosonkherana ndalama mosinthana, chikhale pa mlingo umene wolandira zochepa angakwanitse, apo ayi pakhale magulu awiri, ndipo wosalowa asanenedwe. Pepala la chipepeso likamazungulira, si bwino kuti aliyense aziona kuti uje waponya K20 pamene uje waponya K200. Msungichuma alembe m'kope lake, gulu limve chiwerengero chonse. Malo ena amagwirizana kuti chopereka chizitsata udindo, wamkulu zambiri, wamng'ono zochepa, ndipo njira imeneyi imachotsa manyazi.

Palinso maalawansi a misonkhano. Kalata yoitana munthu mmodzi ku maphunziro a masiku atatu ku Chipata ikafika, aliyense amadziwa kuti kumeneko kuli ndalama yogonera ndi ya thiransipoti, imene kwa wolandira zochepa ndi yaikulu. Akamapita yemweyemweyo, anthu sanena pamsonkhano, amanena kuseri. Mankhwala ake ndi kaundula wopachikidwa pakhoma, woonetsa amene anapita ndi amene akubwera pambuyo, kupatula pamene kalatayo yatchula udindo weniweni.

## Mawu kwa olemba ntchito ndi akapitawo

Bwana amene amauza antchito kuti "malipiro ako usauze mnzako" adzifunse chimene akuopa. Ngati kusiyana kuli ndi chifukwa, chifukwacho chinenedwe: woyamba amalandira zakuti, wa zaka zisanu zakuti, wa pepala lakuti zakuti. Masikelo akakhala pakhoma, miseche imachepa, ndipo woyang'anira sakhalanso womuganizira kuti amakondera a kwawo. Koma kalaliki kapena manejala amene amaona malipiro a onse chifukwa cha udindo wake, iye yekha ndiye womangidwa pakamwa. Zodulidwa za anthu, maadvansi awo ndi makalata a kukhoti si zocheza nazo.

## Zikakanika, mupite kuti

Makontirakiti ena amakhala ndi mzere woletsa kuulula malipiro. Werengani musanasaine, ndipo pemphani kope lanu. Mzere wotero sungakutsekereni njira yopita kwa ofisala wa Labour, amene lamulo limamupatsa mphamvu yoona mabuku a malipiro a wolemba ntchito aliyense. Wa m'boma ayambire kwa woyang'anira wake ndi nthumwi ya yuniyoni pamalopo, kalata ipite ku ofesi ya boma la Mambwe, ndipo asunge kope lodindidwa. Wa kuloji, kusitolo kapena kuchigayo ayambe wapempha kukumana ndi bwana mwaulemu. Zikakanika, ofesi ya Labour ku Chipata imalandira madandaulo otere.

Ulendo wa ku Chipata ndi wodula, makamaka dzinja msewu ukaipa, choncho musapite chimanjamanja. Tengani kontirakiti, mapesilipi kapena mauthenga a pafoni oonetsa ndalama zimene munalandira, ndi kope limene mwakhala mukulembamo masiku ndi maola amene munagwira. Ngati vutolo likukhudza anthu angapo, gwirizanani, sonkhani thiransipoti, mutume awiri ndi kalata imene nonse mwasaina.